Mwana Akachedwa: Sikelo ya Mayi, Mbewu ya Bambo ndi Thandizo la Kuchipatala

Kabuku aka talembera mabanja a m'chigwa cha Domasi, kuyambira m'tsinde mwa mapiri a Zomba ndi Malosa, kudzera pa Songani, mpaka kumunsi kuminda ya mpunga yoyang'ana kunyanja ya Chilwa. Muwerenge muli awiri. Ngati wina maso savomera zilembo, mnzake amuwerengere madzulo, khomo litatsekedwa.

Amene amatsalira pa sikelo

Tsiku la sikelo ya ana likatha, amayi ataberekera ana awo n'kubalalika, nthawi zina pamatsala mayi mmodzi wopanda mwana kumbuyo. Amayamba watithandiza kusonkhanitsa mabenchi. Kenako, ataona kuti palibe womumva, amatsitsa mawu: "Alangizi, chaka chachitatu chino ndili pabanja, koma zii." Tikafunsa kuti, "Nanga bambo a kunyumba ali kuti?" yankho lake timalidziwa asanalinene: "Akuti iwo alibe vuto."

Mayi ameneyu amakhala atamwa kale mitsitsi ya asing'anga awiri kapena atatu. Apongozi anamuuza kuti wanenepa kwambiri, mafuta atseka chiberekero. Azakhali anamuuza kuti waonda, mimba ilibe pogwira. Bambo sanapimidwepo ngakhale kamodzi.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse amakumana ndi vuto losabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo kusiyana kwa mayiko olemera ndi osauka pa nkhaniyi n'kochepa. Pa mabanja amene mwana wachedwa, pafupifupi theka vuto limakhala kwa bambo, lokha kapena pamodzi ndi la mayi.

Achipatala amati banja lili ndi vuto likatha miyezi 12 likukhalira malo amodzi kawirikawiri, popanda njira yolera, mimba osabwera. Mayi akakhala kuti wapitirira zaka 35, musadikire chaka: miyezi 6 yakwana. Koma muwerenge miyezi imene mwagonadi nyumba imodzi. Bambo amene ali ku Joni, n'kumabwera pa Khirisimasi pokha milungu itatu, asamanene kuti banja latha zaka zinayi lopanda mwana. Dzira la mayi limatuluka kamodzi pamwezi, ndipo masiku amene mimba ingagwire ndi 6 okha, kuthera pa tsiku limene dziralo latuluka. Kwa mayi amene amasamba pa masiku 28 aliwonse, dzira limatuluka chapafupi ndi tsiku la 14 kuwerengera pamene msambo unayamba. Banja likamakumana pa masiku awiri kapena atatu aliwonse, masiku amenewa siliwaphonya, ndipo palibe chifukwa chovutikira ndi kalendala.

Yambani mwayesa mbewu

Anzathu a zaulimi amaphunzitsa kuti musanadzale mbewu yosunga nokha, muwerenge njere 100, muziike pachiguduli chonyowa, muone zingati zimere. Palibe mlimi wanzeru amene amathamangira kunyoza munda asanayese mbewu. Fanizoli lili ndi polekezera pake, chifukwa mayi si munda chabe, nayenso amapereka dzira, theka la mwana. Koma pa nkhani ya woyamba kupimidwa likutithandiza: kuyeza umuna n'kosavuta, sikupweteka, ndipo zotsatira sizichedwa, pamene kupima njira za mazira za mayi kumafuna makina, ndalama ndi kupirira ululu.

Abambo ambiri amasokoneza zinthu ziwiri. Mphamvu za kuchipinda ndi zina, mbewu ndi zina. Munthu akhoza kukhala wamphamvu ndithu, umuna n'kumatuluka wambiri, wooneka bwino, koma mulibe mbewu ngakhale imodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mbewu sizioneka ndi maso, zimaoneka pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono basi. Gondolosi angakupatseni chilakolako, koma kuwerenga mbewu sangakuwerengereni. Ndipo mwana amene munabereka kwina zaka 10 zapitazo si umboni wa lero, pakuti matenda amabwera pakati.

Kuyezako kumayenda motere. Mumakhala masiku awiri mpaka 7 osakhalira malo amodzi ndi mayi. Amakupatsani kabotolo koyera kotsekeka, ndipo umuna wonse uyenera kulowa mmenemo, makamaka madontho oyamba, amene amakhala ndi mbewu zambiri. Musagwiritse ntchito kondomu wamba, mafuta ake amafooketsa mbewu. Mukachitira kunja kwa chipatala, kabotoloko kaikeni m'thumba la malaya la pachifuwa kuti kasazizire kapena kupsa ndi dzuwa, ndipo kafike kwa oyeza ola limodzi lisanathe. Wochokera ku Domasi kupita ku Zomba pa minibasi yoima pa siteji iliyonse, kuli bwino akachitire komweko. Ngati chikumbumtima chikukuvutani pa kaperekedwe kake, kambiranani ndi dokotala, ndiponso shehe kapena abusa anu, osati kungothawa.

Malinga ndi buku la WHO la 2021, oyeza amayembekezera umuna wosachepera mamililita 1.4, mbewu zosachepera 16 miliyoni pa mililita imodzi, ndipo pa mbewu 100 zilizonse, 30 zikhale zosambira kupita kutsogolo. Mudzaona papepala kuti zoumbika bwino ndi 4 kapena 5 zokha pa 100. Musadzidzimuke, ngakhale kwa abambo obereka zimakhala choncho. Zotsatira zikatsika, sagamula ndi ulendo umodzi. Amayezanso pakapita miyezi itatu.

Miyezi itatuyi ili ndi chifukwa. Mbewu imodzi imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike m'machende, kenako milungu ina kuti ikhwime. Zimene zayezedwa lero zinayamba kupangidwa pafupifupi miyezi itatu yapitayo. Ngati munadwala malungo otentha thupi kwambiri mu Febuluwale, zotsatira za mu Epulo zikhoza kuoneka zoipa, za mu Julayi n'kubwerera mwakale. N'chimodzimodzinso mukasiya kachasu lero: phindu lake mudzaliona pakatha nyengo yonga ya chimanga chocha msanga.

Machende analengedwa kunja kwa thupi chifukwa amafuna kuzizirirako ndi madigiri awiri kapena atatu. Wokazinga tchipisi pachiwaya tsiku lonse, wowotcha uvuni wa njerwa, dalaivala wokhala pampando wotentha kuchokera ku Zomba mpaka ku Mangochi ndi kubwerera, onsewa azipeza mpata woima patali ndi moto, ndipo azivala kabudula wam'kati womasuka. Fodya, chamba ndi mowa wambiri zimachepetsa mbewu ndi kuzifooketsa. Wopopera mankhwala m'dimba la tomato avale zodziteteza, asapopere moyang'anizana ndi mphepo, akamaliza asambe ndi sopo. Anyamata onyamula zitsulo amene amabayitsa majakisoni okulitsa minofu adziwe kuti jakisoni wa testosterone amaletsa machende kupanga mbewu. Matsagwidi akagwira mwamuna wamkulu n'kutupitsa machende, chinzonono chosachizidwa bwino, ndi mitsempha yotupa ngati nyongolotsi pamwamba pa tchende, nazo ndi zifukwa zodziwika, ndipo zina zili ndi thandizo.

Kathumba ka mimba kamene timati ndi ka mabwana nako kali ndi mlandu. Mafuta a m'thupi amasandutsa mahomoni achimuna kukhala achikazi, komanso amatenthetsa m'mphechepeche. Sikelo imene tikukamba m'kabuku aka bambo nayenso akwerepo.

Chinthu chimodzi ndi cha kuno kwathu kwenikweni: likodzo. Amene tinakula tikusambira mumtsinje wa Domasi, kuwokera mpunga m'madzi ofika m'mawondo kapena kuwedza matemba ku Chilwa, timalidziwa ngati matenda a anyamata okodza magazi. Koma mazira a tizilombo take samangokhala m'chikhodzodzo. Amakakamira m'ziwalo zoberekera. Kwa bambo amatha kuonekera ngati magazi mu umuna kapena ululu potulutsa. Kwa mayi amabweretsa zilonda pakhomo la chiberekero, chikazi chosatha, kutaya magazi mukakumana, ndi zipsera m'njira za mazira, ndipo kawirikawiri amatengedwa ngati matenda opatsirana pogonana. Mankhwala ake, praziquantel, si a ana asukulu okha. Muuzeni dokotala kuti mumagwira ntchito m'madzi.

Sikelo ya mayi

Kuno kwathu mkazi akanenepa atalowa m'banja timati bambo akusamala. Zaka za mliri wa Edzi zinawonjezera mantha: woonda ankalozedwa chala. Choncho tikamati thupi likachuluka limatha kuchedwetsa mimba, tikudziwa kuti tikukangana ndi zimene anthu anazolowera kuyamikira. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pa amayi 100 a zaka 15 mpaka 49 m'Malawi, 21 anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo 7 anali oonda kwambiri. Mbali zonse ziwiri zimasokoneza kubereka.

Achipatala amayerekeza kulemera ndi msinkhu, n'kupeza nambala yotchedwa BMI. Yabwino ndi ya pakati pa 18.5 ndi 25. Ikafika 30, ndiye kunenepa kodetsa nkhawa. Kwa mayi wotalika mita 1.6, msinkhu wa amayi ambiri kuno, zikutanthauza kuti makilogalamu 48 mpaka 64 ali bwino, kutsika pa 47 waonda kwambiri, kufika 77 wapitirira. Ngati sikelo ili kutali, tengani chingwe, muchidule molingana ndi msinkhu wanu kuyambira kuphazi mpaka pamutu, muchipinde pawiri, muzungulize pamimba chapamwamba pang'ono pa mchombo. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikakanika kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Bambo ayesenso ndi chingwe chawo.

Apongozi aja amati mafuta amatseka chiberekero. Sizili choncho. Mafuta si katundu wongogona m'thupi ngati thumba la chimanga m'nkhokwe. Amatulutsa mahomoni, ndiponso amachititsa kuti thupi lizivutika kugwiritsa ntchito shuga. Zimenezi zikasokonekera, dzira limayamba kukula koma silifika potuluka. Chizindikiro chake ndi msambo: umadumpha miyezi, umabwera pakatha masiku 40 kapena 60, nthawi zina kawiri kokha pachaka. Pali matenda otchedwa PCOS, amene amagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 aliwonse. Mayi wotere msambo umasowasowa, amatuluka ziphuphu, tindevu pachibwano kapena tsitsi pachifuwa, khungu la m'khosi limada ngati litsiro losachoka, ndipo thupi limakwera msanga. Si ufiti, si ulesi, ndipo mwa mavuto onse a kusabereka ili ndi limodzi mwa amene amamva mankhwala.

Mayi wonenepa amene amasamba mwezi ndi mwezi mosadumpha, nthawi zambiri dzira likutuluka. Pamenepo musaunjike mlandu wonse pa sikelo; funani chifukwa china.

Woonda kwambiri thupi lake limachita ngati banja la m'chaka cha njala: limayamba laimitsa zimene zingadikire, ndipo msambo umasiya. Mayi amene amalima, kusenza nkhuni kuchokera kuphiri, kutunga madzi, n'kumadya kamodzi patsiku atagawira onse, akufunika chakudya ndi kupumula, osati mitsitsi. Ngati akuonda osadziwa chifukwa, akayezetse TB, HIV, shuga ndi magazi. Mapilisi ndi timabotolo tonenepetsa ta pamsika musagule. Ena mwa iwo amatupitsa nkhope, kukweza shuga ndi kusokoneza msambo womwewo.

Ziwiri zofunsidwa kawirikawiri. Jakisoni wolera wa miyezi itatu amanenepetsa amayi ena, ndipo akasiyidwa mimba imatha kuchedwa miyezi 10, ena kupitirira chaka, koma saumitsa chiberekero. Ma ARV amene dziko lino linayamba kupereka mu 2019, okhala ndi dolutegravir, amakweza sikelo kwa ena, makamaka amayi. Musasiye kumwa. Kambani ndi a ku kiliniki yanu, ndipo muwauze kuti mukufuna mwana, kuti aone kaye ngati tizilombo tagona.

Makilogalamu anayi

Sitikupempha mayi wa makilogalamu 80 kuti abwerere pa thupi la utsikana. Kutsika ndi 4 mpaka 8, ndiko kuti magawo 5 mpaka 10 pa 100, kumakwanira kuti kwa amayi ambiri msambo ubwerere m'malo mwake. Theka la kilogalamu pa mlungu ndi liwiro labwino.

Poyambira ndi m'kapu. Tiyi wa masupuni anayi a shuga, Sobo, Fanta, thobwa lothira shuga wambiri: izi zimalowa osakhutitsa. Kenako mandasi, zitumbuwa ndi tchipisi zapamsewu. Nsima musasiye, koma mitanda itatu ikhale iwiri, ndipo mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera masiku ambiri. Mpunga ndi wathu, tikudziwa, koma mbale yodzaza mpunga yokhala ndi kandiwo pambali itembenuzidwe: theka likhale masamba, nkhwani, bonongwe, chisoso, kholowa kapena chigwada, ndipo pakhale nandolo, khobwe, matemba, mlamba kapena nsomba za m'madamu zimene Domasi amadziwika nazo. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osapendeketsa botolo. Amene ntchito yake ndi yokhala, pa wokala, pa makina osokera kapena mu ofesi, aziyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa mlungu. Pa Songani pomwe tsikani kabaza, mutsirize ndi miyendo.

Mphika ukhale umodzi. Zoti mayi azidya masamba bambo akukazingitsa chiwindi pa chiwaya sizipita patali. Mankhwala otsegula m'mimba ndi tiyi wa pa WhatsApp woti amasungunula mafuta amangochotsa madzi ndi ndalama.

Apa tichenjeze, chifukwa uphungu wa sikelo ukhoza kusanduka msampha. Ku Netherlands madokotala anatsatira amayi 577 onenepa kwambiri amene ankavutika kutenga mimba, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. Ena anayamba ndi miyezi 6 yochepetsa thupi, ena analandira thandizo la kuchipatala nthawi yomweyo. Mwa ochepetsa thupi aja, amene anatenga mimba paokha popanda mankhwala anali ochulukirapo kuposa a gulu linalo. Koma powerenga ana obadwa pakutha kwa zaka ziwiri, gulu limeneli silinapose linalo. Ife timawerenga motere: mayi wa zaka 24 amene msambo ukudumpha ali ndi nthawi, ayambe ndi mbale ndi miyendo. Mayi wa zaka 37 asauzidwe kuti "kachepeni kaye mudzabwere." Mazira amachepa ndi zaka mofulumira kuposa mmene sikelo imatsikira. Iyeyo achite zonse pamodzi.

Kutsitsa sikelo kuli ndi phindu lina losakayikitsa. Mimba ya mayi wonenepa kwambiri imakonda kubwera ndi kuthamanga kwa magazi, shuga, kupita padera ndi kuchira kudzera pa opaleshoni.

Njira zikatsekeka

Kafukufuku wa WHO wofalitsidwa mu 1985 anapeza kuti mwa amayi a mu Africa amene anapimidwa chifukwa chosabereka, oposa 8 mwa 10 vuto lawo linachokera ku matenda olowa m'ziwalo zoberekera: chinzonono ndi anzake, matenda obwera pambuyo pobereka, kupita padera kapena kuchotsa mimba mobisa. Matendawa amasiya zipsera m'njira za mazira. N'chifukwa chake pali amayi ambiri amene anabereka mwana mmodzi, wachiwiri osabweranso. Njira zotsekeka sizitseguka ndi kuonda, kunenepa kapena mitsitsi, ndipo zoika kumaliseche zimawonjezera zilonda. Mmodzi akapezeka ndi matenda opatsirana, mankhwala amwe onse awiri, amalize, apo ayi muzingobwezerana.

Kuchipatala

Yambirani pafupi, pa Domasi Rural Hospital, ku St Luke's ku Malosa kapena pachipatala chaching'ono cha kwanu. Akaona kuti pakufunika kupima kozama amakulemberani kalata ya ku Zomba Central, ndipo ena amafika ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Mayi amamuunika pa sikani kuona chiberekero, zotupa ndi mazira. Kuti aone njira, amathira mankhwala amadzi m'chiberekero n'kujambula.

Vuto likakhala dzira losatuluka, pali mapilisi a clomiphene kapena letrozole, omwa masiku asanu kumayambiriro kwa msambo. Apa m'pamene sikelo ndi mbewu zimakumana. Thupi likachuluka, mapilisiwa sagwira msanga ndipo pamafunika mlingo wokwera. Mbewu za bambo zikakhala kuti palibe, mayi akhoza kumwa miyezi 6 yonse, dzira n'kumatuluka mwezi uliwonse, osapindula kanthu. Musagule clomiphene mwa inu nokha chifukwa mnzanu anamwa n'kubereka mapasa.

Mwamvapo za IVF, kukumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi n'kubwezera m'chiberekero. Mwana woyamba wobadwa motere ndi Louise Brown, ku Oldham ku England, pa 25 Julayi 1978. Kuyambira 1992 madokotala amathanso kutenga mbewu imodzi yokha n'kuibayira m'dzira, zimene zinatsegulira mwayi abambo a mbewu zochepa kwambiri. Zipatala za boma za m'dera lathu sizichita zimenezi. Mabanja amene akwanitsa amapita ku South Africa kapena ku India, ndipo ndi ndalama za mamiliyoni. Musanagulitse munda dziwani kuti ngakhale ku Britain, kwa mayi wosafika zaka 35, ulendo umodzi umabereka mwana pafupifupi kamodzi pa katatu, ndipo kupitirira zaka 40 mwayi umatsika kwambiri. Kumenekonso amayamba akukwezani pa sikelo.

Kwa ankhoswe ndi apongozi

Kuno kwa chikamwini, pepala la zotsatira likhoza kusamutsa munthu pamudzi. Bambo amaopa kuti akapezeka ndi vuto, eni mbumba amuuza kuti anyamule mkeka wake, anzake pabawo azinong'onezana kuti anagwa m'papaya. Manthawa ndi amene amatumiza mayi yekha kuchipatala. Zotsatira ndi za anthu awiri. Achipatala saloledwa kuuza wina aliyense, ndipo ankhoswe akauzidwa asunge pakamwa. Mawu akuti chumba ndi gojo asamveke pakhomo.

Zolowetsa fisi m'nyumba, kapena bambo kukayesa kunja kuti aone ngati vuto ndi lake, zabweretsa HIV ndi chinzonono m'mabanja amene poyamba vuto lawo linali laling'ono. Ndipo pali mabanja ena amene akapimidwa zonse zimaoneka bwino, chifukwa osapezeka. Ambiri mwa iwo amadzatenga mimba m'chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Tsiku lopita

Nyamulani mabuku a kuchipatala onse awiri, ngakhale akale ong'ambika. Mayi alembe pakapepala masiku amene msambo unayamba pa miyezi itatu kapena 6 yapitayi, ndi tsiku la jakisoni wolera womaliza ngati analipo. Tengani mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ndipo za mitsitsi musabise, sitikalipa. Bambo akumbukire ngati anadwala malungo posachedwa, matsagwidi, chinzonono, likodzo kapena anachitidwapo opaleshoni ya phudzi. Pemphani kuti nonse muyezedwe sikelo, msinkhu, kuthamanga kwa magazi, shuga, HIV ndi chindoko, ndipo mayi afunse za mapilisi a folic acid, amene amayambidwa mimba isanabwere. Ngati mukuganiza kuti umuna ungayezedwe tsiku lomwelo, muwerenge masiku atatu chammbuyo mugone motalikirana.